Nkhono wa Namilanzi

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu ndikuuzani lerowu kwawo ndi kwa Chimbalanga, kamudzi ka m'tsinde mwa phiri.

M'mudzimo munamwalira mayi wina, nasiya khanda lalikazi la miyezi isanu ndi iwiri. Malemuyo anali ndi chinjira wake, ndiye kuti mnzake wa pamtima, dzina lake Namilanzi, amene anakhala pabanja zaka zambiri wopanda mwana. Iyeyu anakagwada kwa a Kachingwe, mwini mbumba, kupempha kuti alere mwanayo.

"Mtengeni," anatero a Kachingwe. "Koma si mbuzi iyi. Ndidzabwera mapira akacha. Ndikadzapeza sanakuzolowereni, ndidzapita naye kwa azakhali ake."

Phala kamwanako kankadya ndithu, koma kuyang'ana munthu kumaso ayi. Ukakanyamula, kankangodzipinda n'kubisa nkhope, osalira, osaseka. Anthu anakatcha Nkhono. Namilanzi ankakagwira chibwano kukatembenuza, nkumati, "Tandiyang'ana, ndine amako!" Amayi a m'mudzi nawonso ankalandizana mwanayo, uyu kumuvinitsa, uyu kumuombera m'manja. Nkhono ndiye anachita kunyanya.

Tsiku lina Nankhoma, woumba mbiya woyandikana nyumba ndi Namilanzi, anaima pakhomo manja ali dothi lokhalokha.

"Mwanayu mwamuyesa chipanda cha mowa, choti aliyense alaweko?"

"Nanga nditani, achemwali? Mapira ayamba kufiira."

"Nkhono mukaigogoda imatuluka? Inu khalani pansi. Mtondo wanu ndisinja ndine, madzi nditunga ndine. Amuna anuwo akaingitse mbalame kumunda, miyendo ali nayo. Mwana akhale pathupi panu. Akatakataka, muyankheni. Chibwanocho chisiyeni."

Zinaterodi. Mbiya za Nankhoma zinachedwa kuotchedwa chaka chimenecho. Masabata atatu anatha popanda chosintha, ndipo Namilanzi analira, nati mwina mwanayo akudziwa kuti iye si mayi. Nankhoma sanamutsutse. Anangokhala naye pamphasa mpaka misozi itauma, kenaka anakatenga mtsuko.

Mapira atacha, a Kachingwe anafika. Anapeza Nkhono ali pamiyendo pa Namilanzi, nkhope itabisika monga kale.

"Ndaona. Bweretsani."

Anamunyamula nayamba ulendo. Asanafike ndi pankhokwe pomwe, kamwana kaja kanakuwa, mudzi wonse kumva. Kanapotoza khosi, kanadumpha nkhope za anthu onse amene anali pabwalo, maso n'kukaima pa Namilanzi, timanja titatambasuka.

A Kachingwe anaima. Anayesa kumusisita, kulira kunakula. Anabwerera n'kumuika m'manja mwa Namilanzi. Pomwepo mwana anatonthola, akumuyang'anabe kumaso.

"Mwamudyetsa chiyani mwanayu?" anafunsa mkuluyo.

"Phala lomwe lija, malume," anayankha Nankhoma. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

A Kachingwe anabwerera okha.

Mwambiwu ndi umenewo: kuona maso a nkhono n'kudekha. Chinthu chamantha sichituluka pochikakamiza, chimatuluka chokha chikaona kuti pali bata, ndipo mtima wa mwana amene wasiyidwa ndi wotero. Koma anthu potchula mwambiwu amaiwala mbali ina. Munthu sangadekhe mtondo ukumudikira ndi mtsuko uli gwa. Mukaona wina wakhala phee kudikira nkhono yake, mufunse amene akumusinjira.