Nkhanga ndi Mfutso Wake Kutsidya kwa Nyanja

Nkhanga anali mayi wa nkhawa zosatha, woti ngakhale kamtambo kang'ono bwanji kankamudumphitsa mtima. Mwana wake wamkazi, Namawanga, anakwatiwa ndi Bakha kudziko lakutali, kutsidya kwa nyanja yaikulu, ndipo kumeneko anabereka ana atatu amene Nkhanga anali asanawaonepo. Chaka china Bakha anatumiza uthenga woti apongozi ake abwere adzadye nawo Khirisimasi, adzadziwane ndi zidzukulu. Dokowe, mbalame imene inkanyamula apaulendo pamsana, anavomera kukamutula ndi kudzamutenganso tsiku lotsatira Chaka Chatsopano.

Kufika kwa mkamwini chimanjamanja, Nkhanga anaona kuti n'zochititsa manyazi. Anamanga chikwatu cha mfutso wa nkhwani umene anafutsa yekha, n'kuchikumbatira ulendo wonse. Mwatsoka, panjira analowa mumtambo wa mvula ndipo chikwatu chinanyowa mpaka m'kati. Anatera pabwalo la Bakha akununkhiza mfutsowo, mtima uli m'mwamba.

Namawanga anathamanga kudzamuchingamira. "Amayi, khalani pansi mupume. Ndikaitane ana kudambo adzakupatseni moni."

"Moni sawola, mwanawe," anayankha Nkhanga. "Chimene chikuwola ndi ichi. Ndipatse mphasa msanga, chuku chisanalowe."

Anayanika mfutso pamphasa dzuwa likuswa mtengo. Asanawongole n'komwe msana, kunja kunada bii, mvula n'kuyamba kuwaza. Anaanula mothamanga, koma atangofika pakhonde dzuwa linatulukanso, lowala ngati silinalakwe kanthu. Nkhanga anayang'ana kumwamba, kukamwa kuli yasa.

Kwawo mvula inali yaulemu. Inkasonkhanitsa mitambo kuyambira masana, n'kugunda kaye kuti aliyense aanule zake. Koma ya kuno inalibe mwambo ngakhale pang'ono: m'mawa nkhungu, kenako dzuwa, kenako mphepo yozizira, kenako mvula, zonsezo tsiku limodzi.

Bakha anabwera n'kunjuta chapatali, monga achitira mkamwini. "Amayi, kuno kumwamba sikupangana ndi aliyense. Ikagwa mvula timasamba, likawala dzuwa timawothera. Tiyeni kudambo mukaone mmene ana akusewerera."

"Pitani, bambo, ndikupezani," anatero Nkhanga. "Kwangotsala pang'ono kuti uume."

Pang'ono pakepo panatha masiku. Bakha ndi ana ake ankatuluka m'mamawa, n'kumabisalirana m'nkhungu, kutsetsereka m'matope, kenako kudzayanika mapiko padzuwa akuseka chikhakhali. Nkhanga ankawamva ali chiimire pambali pa mphasa yake, khosi litauma ndi kuyang'ana mitambo. Akamabwerako madzulo, ankapeza iye atagona kale ndi kutopa.

Tsiku la Khirisimasi abale a Bakha anadzaza nyumba, zakudya zili mbwee. Namawanga anakhazika mayi ake pamalo aulemu, ndipo anayamba kufoletsa ana kuti awatchule mayina mmodzimmodzi. Asanatchule ngakhale woyamba, padenga panamveka phokoso. Kunali kugwa matalala!

Ana anakuwa ndi chimwemwe n'kuthamangira panja kukatola matalala, kumanyambita ndi kumaponyerana. Nkhanga naye anathamanga, koma kwina. Anakagona pamwamba pa mfutso atatambasula mapiko, matalala akumusasantha pamsana. Alendo anangoyang'anana, osadziwa kuti aseke kapena amve chisoni.

"Amayi, tatsala ndi masiku ochepa," anadandaula Namawanga akumusisita msana. "Usiyeni mfutsowo. Ife tinaitana inu."

"Ndiye azikanena kuti apongozi a Bakha anabweretsa zachuku? Ine ayi! Mawa ndiwafungatira anawo tsiku lonse."

Kunena zoona, Nkhanga ankawafuna ana aja, ndipo kuchepa kwa masiku kunkamudya mumtima. Tsiku lina utawaleza unatuluka pamwamba pa dambo, ana n'kumavina pansi pake, kamng'ono kakugwa n'kumadzukanso. Nkhanga anaseka koyamba chifikireni, ndipo anayenda mapazi angapo kulowera komweko. Pomwepo dontho linamugwera pamlomo, iye n'kutembenuka liwiro.

Pa Chaka Chatsopano dzuwa linawala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo mfutso unauma gwa. M'mawa mwake Nkhanga anaumanganso bwinobwino n'kuupereka kwa Bakha ndi manja awiri. Bakha anathokoza mwaulemu. Nkhanga anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Tsopano ndiitanireni adzukulu anga."

Mawuwo ali m'kamwa, Dokowe anatera pabwalo. "Tiyeni, mayi, mphepo ikadali yabwino. Ikatembenuka sitiwoloka, ndipo ine sindidikira."

Namawanga anaitana ana mofulumira kuti adzatsanzike. Anabwera atanyowa, n'kuima chapatali mwamanyazi, monga achitira ana kwa mlendo. Kamng'ono kaja kanakoka phiko la mayi ake n'kufunsa mokweza kuti, "Amayi, paja munati kubwera agogo. Nanga afika liti?"

"Iwe, agogo ako si awa?"

Kamwanako kanayang'anitsitsa Nkhanga, n'kupukusa mutu. "Ayi. Awa ndi amayi oyanika masamba aja."

Nkhanga anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira. Anatambasula mapiko kuti akakumbatire, koma iko kanathawira kumbuyo kwa bambo ake. Dokowe anawerama kuti Nkhanga akwere. Pamene ankanyamuka, kamvula kanayambanso kuwaza, ana n'kuthamangira kudambo akukuwa, ndipo Nkhanga analira ulendo wonse osadziwa ngakhale dzina la mdzukulu mmodzi.

Phunziro: Ukapita kukacheza kwa abale, chimene akufuna ndi iweyo, osati katundu wako. Mvula ndi dzuwa sizimvera nkhawa za munthu, choncho kondwera ndi nyengo imene waipeza, pamodzi ndi amene unawapitira, masiku asanathe.