Galimoto Yofiira Yonyamula Mkwatibwi

M'tauni mwathu muno, kumapiri a Tennessee, galimoto yofiira ya a Delbert Haskins tinkaimva ndi makutu tisanaione ndi maso. Inali ya mu 1969, ya injini yaikulu ya masilinda asanu ndi atatu, ndipo ikabangula mawindo a tchalitchi ankanjenjemera. A Delbert anali dikoni wathu, woyimba besi mu kwaya, munthu amene akanakuvulira malaya ake pachisanu. Chilema chawo chinali chimodzi: manja awo sankadziwa kudikira.

Mwana wawo Rhonda atatsala pang'ono kukwatiwa, anapempha chinthu chimodzi chokha.

"Ababa, mudzandiperekeze ku tchalitchi pa yofiirayi. Ndi yomwe munanyamulira amayi tsiku la ukwati wanu."

Mtima wa a Delbert unadzaza mpaka kusefukira. Anaganiza kuti mwana wawo sangakwere galimoto yolira mwa masiku onse. Choncho anachotsa kabuleta yakale, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya kaja, n'kumangapo yatsopano yaikulu ya mimero inayi. Yakaleyo anakaisinthanitsa ndi matayala pamsika wa zitsulo zakale. Kuyambira tsiku limenelo galimoto inayamba kudwala. Ikaima inkanjenjemera ngati yamalungo, ndipo akaponda moto inkayamba yatsamwa kaye isanathamange.

Mlamu wawo, a Virgil, mlongo wa akazi awo a Lorene, anabwera kudzaona. Iwo ndi a Delbert ankapikisana pa liwiro la galimoto ali anyamata, ndipo kunyozana sanasiye. A Virgil anamvetsera injiniyo atapendeketsa mutu.

"Alamu, wodwala sapatsidwa mankhwala asanu nthawi imodzi. Sinthani chinthu chimodzi, muiyendetse mpaka pamlatho n'kubwerera, muone ngati mapulagi oyatsira petulo ada. Ikakuyankhani, mugwire china."

"Ndi kayendedwe kanu ka kambako, Rhonda adzakwatiwa ali ndi imvi," anatero a Delbert.

"Imvi si matenda. Onani ine, kukongola konseku."

A Delbert anaseka, koma malangizo analowera khutu ili n'kutulukira linali. Masana amodzi okha anasintha timabowo todutsa petulo, anapotokola masikuluwu awiri osinthira kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya, anakweza muyezo wa petulo m'kabuleta, anasuntha nthawi yoyakira moto, n'kumanga mapulagi atsopano, uku akung'ung'udza nyimbo zotamanda. Ataliza injini, inaphulitsa ngati mfuti n'kusanza utsi wakuda umene unadetsa zovala za a Lorene pachingwe. Tsono pa zisanu zija, cholakwa chinali chiti? Sakanadziwa. Ngakhale pomwe masikuluwu anali poyamba sankakumbukira. Njira yobwerera anali ataifafaniza okha, ndipo tsiku lililonse ankapotokola zina poyesa kukonza zadzulo.

A Lorene anawabweretsera tiyi wozizira ku galaja n'kuima pakhomo.

"Abambo, Marita uja wa m'Malemba anatanganidwa ndi zambiri, inde, koma sankabwera patebulo akununkha petulo. Bwanji osaitana achimwene?"

"Kuti adzandiseke? Ikhala bwino, mayi. Yangotsala pang'ono."

Loweruka la ukwati galimoto inalira ndithu, ndipo a Delbert anathokoza Mulungu mokweza. Rhonda anakhala pambali pawo, diresi loyera ataliunjika pamiyendo. Anadutsa pamlatho bwinobwino. Koma atafika m'munsi mwa chitunda chokwerera ku tchalitchi, injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Petulo anali atasefukira m'kabuleta. A Delbert anaponda moto mobwerezabwereza, ndipo kuponda kulikonse kunkangoimiza injiniyo m'petulo wochuluka. Kumtunda belu linali likulira.

Bambo wamkulu uja anatsamiritsa chipumi pa chiwongolero.

"Mwana wanga, chinthu chimodzi chomwe unandipempha ndachiwononga ndi manja angawa."

Rhonda anawagwira paphewa.

"Ababa, ine ndinati mundiperekeze pa yofiirayi. Zoti izilira sindinanene."

Anthu oima pakhonde la tchalitchi anali ataona zonse. A Virgil anavula jekete n'kuyamba kutsika, madikoni ena pambuyo pawo, kenako abusa amene. Anagwira galimoto kumbuyo n'kuyamba kukankha, nsapato za Lamulungu zikuterereka m'miyala. Amayi a kwaya anayambitsa nyimbo yothokoza, ndipo mkwatibwi anakwera chitunda mwapang'onopang'ono, akuseka misozi ili m'masaya. A Virgil, thukuta lili kamukamu, anasuzumira pawindo.

"Alamu, pano ndiye mwaikonza. Sinayendepo mofatsa chonchi, komanso petulo sikudya."

A Delbert anangotulutsa dzanja n'kufinya la mlamu wawo.

Ukwati unadalitsidwa, ndipo tinadya nkhuku yokazinga ndi nyemba pansi pa mitengo mpaka kukhuta. Lolemba lake a Delbert anapita okha kukagogoda kwa a Virgil. Anayambira pachiyambi: kusintha chimodzi, ulendo wa pamlatho, kuyang'ana mapulagi, mawa china. Nthenda yoyamba ija inapezeka kuti inali yaing'ono, yongofuna kupotokola sikuluwu imodzi pang'ono. Zina zonse anali mabala amene iwo anaonjezera. Masamba atayamba kufiira, galimoto inabangulanso mwaukhondo ngati kale, koma mkwatibwi anali atasamukira kale ku Kentucky ndi mwamuna wake, ndipo tsiku la ukwati silibwera kawiri.

Ambuye, mwachifundo chawo, anaphimba manyazi a mtumiki wawo ndi mapewa a abale. Koma phunziro analisiya poyera kuti tonse tilione, ife amene timafuna zonse zikonzeke dzuwa lisanalowe: kuona maso a nkhono n'kudekha.