Njinga Yokana Makona

Panali munthu wina pa Golomoti, telala, bambo wa imvi zake. Ana ake onse atakula n'kuchoka pakhomo, iye anagula njinga yamoto. Sanaigulire kabaza ayi. Anthu akamufunsa kuti, "Nanga phindu lake n'chiyani?" iye ankangoti, "Kamphepo." Yankho lake linali lomwelo basi.

Njingayo inali yakale, yofiira, yogula kwa munthu. Koma kasamalidwe kake, abale inu! Bamboyu anali atakalamba akudontheza mafuta m'makina osokera, ndiye sankalola chitsulo chilichonse kulira iye akumva. Oyilo ankasintha asanade. Tcheni ankachitsuka ndi mswachi wotha. Pulagi ankaimasula n'kuiyang'anitsitsa monga mayi ayang'anira lilime la mwana wodwala. Loweruka masana ankatseka shopu n'kupita pansi pa mlambe pomwe anzake okonda njinga ankakumana. Kumeneko kunali kutsuka, kumangitsa manati, kukangana za mainjini, ndi kunamizana pang'ono za liwiro.

Koma tsiku lake lenileni linali Lamulungu. Akaweruka kutchalitchi, ankanyamula mkazi wake, aNangozo, ulendo wa kumtunda ku Dedza, kwawo kwa mayiwo. Chikwatiranireni, anthu awiriwa anali asanayendepo ulendo wongoyenda. Ulendo unkakhala wa kumaliro, wa kuchipatala, wa kukapereka mwana kusukulu. Tsopano ankayenda chifukwa choti afuna, ndipo zinkawakoma kwambiri.

ANangozo ankakhala kumbuyo chammbali, miyendo yonse mbali imodzi, chitenje chili m'malo mwake, monga akhalira mayi wodzilemekeza. Manja ankagwira keliyala, kachitsulo konyamulirapo katundu kaja. Kugwira mwamuna m'chiuno pamsewu, anthu akuona? Aa, zimenezo ankati n'za ana a masiku ano.

Msewu wochoka ku Golomoti kukwera ku Dedza mukuudziwa, Khwekhwerere uja. Kona isanathe, inzake yayamba kale. Tsono inu amene simunayendetsepo, gwirani apa: njinga yamoto sikhota chilili. Kuti ikhote, imayenera kupendekeka, kugonera mbali yomwe ikupita.

Pamenepa ndi pomwe panali vuto. Pamsewu wowongoka njinga ya telala inkayenda mokoma. Ikafika pakona inkauma khosi. Iye akaigoneka kumanzere, iyo inkafuna kudzuka. Inkagwedezeka, n'kumathawira kunja kwa kona, mpaka mapewa a telala ankawawa polimbana nayo.

Tsiku lina anafunsa. "Amayi, mukutani kumbuyoko?"

"Ine? Ndangokhala, abambo."

Basi, telala anati vuto ndi njinga. Anakaliika pakati pa anzake pansi pa mlambe paja, ndipo anzakewo anakondwera, chifukwa palibe chokoma kwa anthu amenewa kuposa vuto la njinga ya mnzawo. Wina anati ndi mpweya. Telala anapopa matayala, koma sizinasinthe. Wina anati tayala lakumbuyo silikuyang'anana ndi lakutsogolo. Telala anatenga ulusi wake wosokera, anaukoka kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, anagona pansi diso limodzi atatsinzina, n'kupeza kuti matayala ali pamzere. Wina anati masipiringi akumbuyo atopa. Anaikamo atsopano. Wina, wokonda kuopseza anzake, anapukusa mutu n'kunena motsitsa mawu kuti, "Akulu, apa pali dzanja la munthu." Onse anamuseka.

Chodabwitsa chinali chakuti telala akapita yekha kukaiyesa, njinga inkamvera. Anamanga thumba la chimanga kumbuyo, anakwera nalo phiri lonse, njinga osadandaula ngakhale pang'ono. Apa mwina inu mwazindikira kale. Iye ayi! Anali ndi sipanala m'manja, ndiye ankafuna vuto loti alimasule ndi sipanala.

Lamulungu lina akutsika phiri, anakumana ndi lole pakona yakuthwa. Telala anagoneka njinga kuti akhale mbali yake. Njinga inakana. Inawoloka mzere n'kulunjika kulole kuja. Anagwira mabuleki, woyendetsa lole anakhotetsa, mphepo ya lole inawawomba kumaso. Anakaima m'mphepete mwa msewu. Palibe anavulala. Koma telala atacheuka n'kuona nkhope ya mkazi wake, mtima wake unati basi, zakwana.

Atafika kunyumba anati, "Njingayi ndiigulitsa, ndipo ina sindigulanso. Sindingakuikeni m'manda chifukwa cha kamphepo."

ANangozo anazungulira kuseri kwa nyumba n'kukalira, chifukwa ngakhale makona aja ankawaopa, Lamulungu ankaliyembekezera sabata yonse. Telala naye anakhala pamakina ake osasoka kanthu. Nyumba inazizira.

Wogula anapezeka msanga. Anali mayi wina, mlangizi wa zaulimi, wozolowera kuyenda panjinga m'midzi. Telala anali munthu woona mtima, sanafune kugulitsa vuto mobisa.

"Alangizi, ndisakunamizeni," anatero. "Mukakhala nokha, ndi njinga yabwino. Koma ikanyamula munthu, pakona imachita mwano."

"Ndiye kwerani kumbuyo, bambo, tikauone mwanowo."

Telala anachita kakasi. Chigulireni njingayo, anali asanakhalepo kumbuyo kwake. Koma akane bwanji, poti wayambitsa yekha? Anakwera.

Ha! Kumbuyo ndi dziko lina. Kutsogolo umaona msewu, kona umaidziwa isanafike, manja ali pamahandulo. Kumbuyo ukungoona msana wa munthu ndi chipewa chake. Ndipo agwire pati? M'chiuno mwa mayi wa eni ake? Zosatheka. Anabweza manja kumbuyo n'kugwira keliyala.

Anafika pakona yoyamba ya phiri. Mwadzidzidzi, popanda womuuza, dziko linapendekeka. Phula linadzuka kubwera kukhutu kwake. Mumtima anati, "Mayo, mayiyu atigwetsa!" Anakanira pakeliyala ndi mphamvu zake zonse, n'kukokera thupi mbali inayo kuti njinga idzuke. Njinga inauma khosi, inagwedezeka, n'kuthawira kunja.

Alangizi anaima pambali pa msewu n'kucheuka.

"Bambo, mukutani kumbuyoko?"

"Ine? Ndangokhala."

Mawuwo atangotuluka pakamwa, anawazindikira. Sanali ake. Anali atawamvapo pamsewu womwewo, kuchokera pampando womwewo. Telala anatsika, anakhala pamwala, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, mpaka alangizi anada nkhawa kuti mantha awasokoneza mutu madala.

"Pepani, alangizi, ndakutayitsani nthawi," anatero akupukuta m'maso. "Njingayi siili pamalonda. Mnzanga uja sananame. Pali dzanja la munthu."

Kunyumba anapeza aNangozo ali pamphasa akutongola chimanga. Sanaitanitse mpando. Anakhala pamphasa pomwepo.

"Amayi, tandiuzani zoona. Tikafika pakona, inu mumatani?"

ANangozo anaika chisononkho pansi.

"Poti mwafunsa, ndinena. Ndimakupulumutsani. Inu mumayendetsa ngati mnyamata, njinga mpaka kufuna kugona pansi. Ine ndimaikoka kuti idzuke. Tsiku la lole lija ndinakoka mpaka mapewa kulira. Pakadapanda ine, abambo, bwenzi tonse atatiika kalekale."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndikuchititseni manyazi ndi chinthu chomwe mumachikonda chotere? Ndinati ndizingothandiza mwakachetechete. Nanga inuyo munandiuzapo kuti njinga imayenera kugona?"

Za kugona kwa njinga telala anali atafotokozera anzake a pansi pa mlambe, makasitomala odikira zovala, ngakhale abusa amene sanafunse n'komwe. Munthu yekhayo amene ankakwera naye ndi amene sanamuuze.

Sanawadzudzule. Awadzudzule chiyani? Anatenga manja a mkazi wake, anawatembenuza, n'kuona matuza a keliyala. Zinamukhudza kwambiri. Iye ankapulumutsa mkazi wake pogoneka njinga, mkazi wake ankapulumutsa iye poidzutsa, ndipo chikondi chawo chomwecho n'chimene chikadawaponya pansi pa lole.

"Zikomo," anatero. "Mwagwira ntchito yaikulu, ndipo ine sindinaione. Koma kuyambira lero musagwirenso chitsulo. Gwirani ine. Komwe ndagonera, nanunso gonerani komweko. Ineyo mbali yanga, sindidzalowanso pakona osakuuzani, ndipo moto ndichepetsa."

"Ndikugwireni m'chiuno? Pamsewu? Anthu aziti chiyani?"

"Aziti aNangozo agwira mwamuna wawo. Ndi bodza kodi?"

Mayi aja anaphimba kukamwa ndi chitenje, koma maso ankaseka.

Lamulungu litafika, aNangozo anavala buluku lomwe mwana wawo wamkazi anasiya, chitenje pamwamba, n'kukhala molunjika, mwendo uku mwendo uku. Manja anazengereza pang'ono m'malere, kenako anazungulira mimba ya telala. Podutsa pamsika, amayi ogulitsa tomato anaimirira. Wina analiza nthungululu. Wina anakuwa kuti, "Taonani agogo awa! Ukwati wayambiranso!" ANangozo anabisa nkhope pamsana pa mwamuna wawo, manyazi atawagwira mpaka kumapazi. Koma manja sanachotse.

Phiri linayamba. Kona yoyamba inaoneka.

"Kumanzere, amayi!" anakuwa telala.

ANangozo anatsinzina. Thupi lonse linkawauza kuti dzuka, koka, tikugwa. Iwo anangogwiritsa mwamuna wawo, n'kupita naye komwe ankapita. Njinga inagona, inadutsa pakona ngati singano pansalu yofewa, n'kudzuka yokha.

"Kumanja, amayi!"

Inadutsanso. Telala anamva mapewa ake akumasuka. Njinga yomwe anaipopa, anaiyeza ndi ulusi, anaigulira masipiringi, inali bwinobwino nthawi yonseyi.

Chapakati pa phiri aNangozo anatsegula maso. Maulendo onse aja ankayang'ana phula, kudikira kugwa. Tsiku limeneli anaona chigwa chonse chili pansi pawo, minda, milambe, malata a pa Golomoti akunyezimira padzuwa. Anafuula kuti, "Abambo, kodi kuno n'kokongola chonchi?" Pasanapite nthawi anayamba kuona makona podutsitsa maso paphewa la telala, n'kumakuwa iwo mwamuna asanatsegule pakamwa. "Kumanzere, abambo! Kumanja!" Anthu awiri a imvi, akukuwa ndi kuseka paphiri, mbuzi zikuthawa m'mbali mwa msewu.

Atafika pamwamba, telala anaimitsa njinga n'kucheuka.

"Mwayenda bwanji, amayi?"

ANangozo anayang'ana kutsogolo, msewu uli wowongoka. Anayang'ana kumbuyo.

"Ndiye makona atha basi? Iyayi, abambo. Tatembenuzani, titsike tikwerenso."

Tsiku limenelo abale awo ku Dedza anadikira mpaka ndiwo kuzizira.

Tsono inu awiri amene mwamanga banja lero, mwakhala kutsogoloku mutatchena, mverani ine nkhoswe yanu. Makona akubwera, amenewo sindingakubisireni. Tsiku lina mudzaona nyumba yanu ikuuma khosi, wina akukokera uku, wina uko. Musathamangire anzanu a pansi pa mtengo kuti akuuzeni chomwe chawonongeka. Yambani mwafunsa mnzanuyo kuti kumbuyoko akuona chiyani. Mwina sakulimbana nanu ayi. Mwina akukupulumutsani m'njira yomwe akuidziwa, manja ali matuza okhaokha, inu osadziwa.

Amene ali kutsogolo tsiku limenelo, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, anene kuti kona ikubwera, ndipo achepetse moto. Amene ali kumbuyo asiye chitsulo, agwire munthu. Oseka adzaseka, asiyeni.

Ndipo taonani, ngakhale panopa ndikulankhula, mwakhala motalikirana, aliyense wagwira mpando wake. Tasiyani mipandoyo, ana inu. Gwiranani.