Ndaziona ndi Minibasi ya pa Chitunda

Padangokhala. Osati kalekale la nkhalango ndi afisi ayi, ndi dzana lomweli, m'tauni momwe muno. Bambo wina wakabaza, a Gwedeza, adamukhazika pakhonde mwana wawo wamkazi, Ndaziona, kuti amupatse lamulo. Koma a Gwedeza sankapereka lamulo louma, ankayamba ndi ndagi.

"Mayi wanga, ndagi."

"Gize, ababa."

"Chilombo changa chilibe mano. Chimameza anthu ndi m'nthiti, n'kukawalavula ndi m'nthiti momwemo."

Ndaziona adakanda m'mutu, adayang'ana kudenga, kenaka adaseka. "Minibasi!"

"Wakhoza. Nanga kukamwa kwake kuli mbali iti?"

"Kumanzere, komwe kuli chitseko."

"Eya. Ndipo kumanzere komweko n'komwe timayenda ife a njinga. Tsono tamvera. Chilombo chimenechi chikaona munthu ataima m'mbali mwa msewu, kondakitala amamenya denga, gu! gu! Pomwepo chimakhotera kumanzere. Sichiyatsa nyali, sichicheuka, sichifunsa kuti pambali pangapa pali mwana wa yani. Njinga yanga yakapalasayi uziyendera m'tinjira ta kuno. Ku msewu waukulu usapite nayo. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

Adamvadi, makutu adali nawo awiri ngati inuyo. Koma mumtima mwa Ndaziona mudali china. Banja la makolo ake lidali litatha. Mayi ake adatenga mlongo wake wamng'ono, Fatsani, n'kukakhala kwa achemwali awo kuseri kwa chitunda, mbali ina ya tauni. Iye adatsala ndi bambo ake chifukwa cha sukulu. A Gwedeza nawonso adali atapeza njinga yamoto ya abwana ena, ankalawira m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa. Ndaziona akaweruka ankapeza loko pachitseko, kiyi pansi pa mwala, m'nyumba muli zii. Ana a pa pulotipo sankamuitana ku fulaye. Ankamuseka kuti amati "ababa" ngati wakumudzi, pomwe iwo ankati "adadi". Tsono iye ankangotenga chitenje chomwe ankaberekera Fatsani, n'kubereka mtsamiro, n'kumazungulira nyumba akuuimbira.

Masiku amenewo akhonsolo adali kuukonza msewu waukulu uja, poti anthu a njinga ankagundidwapo kwambiri. Pambali pake adayala kanjira ka njinga zokhazokha, kotchinga ndi timiyala ta simenti, ndipo ankamanga masiteji a denga kuti minibasi zileke kuima paliponse ngati nkhuku yotola chimanga. Koma ntchitoyo idali itangofika pamlatho. Kuyambira pamlatho kukwera chitunda udali msewu wakale womwewo, wodyeka m'mbali, ngalande ili yasaa.

Tsiku lina a Gwedeza adabwera ndi mawu. "Ndakumana ndi amayi ako. Akuti mwezi uno ukatha akubwerera kumudzi ndi Fatsani."

Ndaziona mbale idamupulumuka m'manja. "Ababa, ndikamuone. Msewu aukonza, ndaona ndi maso anga. Njinga zili ndi kanjira kawo."

"Kanjirako kathera pamlatho. Lamulungu tidzakwera minibasi, tidzapita tonse."

"Mumatero Lamulungu lililonse."

A Gwedeza adadziwa kuti mwanayo sadaname. Lamulungu n'lomwe kabaza amayenda bwino, anthu a kutchalitchi. Kenaka adati, "Lino lokha ndidzaimika njinga. Koma iwe, mayi wanga, ku msewu waukulu usapite. Ndabwerezatu."

M'mawa mwake, ataweruka kusukulu, Ndaziona adatsegula chitseko. M'nyumba zii. Njinga ili pakhoma, yamuyang'ana. Adatenga mtsamiro kuti abereke, adauponya pansi. Mtsamiro suseka, mtsamiro sukoka tsitsi. Adatola masuku omwe adasungira Fatsani, adawamangirira kumbuyo, adakankha njinga kutuluka.

Njingayo idali yaitali, pachishalo sakadafikapo. Adalowetsa mwendo pansi pa chitsulo chapakati, n'kumapalasa chopendekeka monga adaphunzirira kumudzi. Atalowa m'kanjira katsopano kaja, eee, kusalala kwake! Magalimoto akudutsa uko, iye ali kuno kuseri kwa timiyala, mphepo ikumupita m'makutu. Adaseka yekha. "Ababa amangondiopseza," adatero.

Pamlatho timiyala tidatha. Padali mulu wa mchenga, migolo, ndi mayi wina wa ntchito ya mumsewu atagwira mbendera yofiira.

"Iwe mwana, ukupita kuti ndi chinjinga cha abambo akochi?"

"Pompano, amayi. Andituma."

"Akutuma ndani kukwera chitunda ichi? Uko sitinakonzeko. Ubwerere, kapena utsike uzikankha kutali ndi phula."

"Chabwino, amayi."

Adatsikadi, adakankha. Koma atangoona kuti mayi aja atembenukira thirakitala, adakweranso.

Tsono chitunda chija, ana inu, sichidali chamasewera. Adapalasa, njinga idayamba kulemera. Adapalasa, thukuta lidalowa m'maso. Malole akumupemerera utsi, hutala uku, hutala uko, ndipo padalibe ndi mmodzi yemwe womudziwa dzina. Kubwerera kudamuchititsa manyazi, kupitirira kudamukanika.

Apo ndi pomwe chidafika chilombo. Minibasi yokalamba, yodzaza mpaka anthu kukhalirana pamiyendo, ikukwera pang'onopang'ono, ikubuula. Chitseko chakumbuyo chidakanika kutsekeka chifukwa cha matumba, tsono adachimanga ndi chingwe cha buluu. Kumanja kwa chingwecho kudali bambo wina wa chipewa chong'ambika, ali pa njinga yake, dzanja limodzi lagwira chingwe, mapazi osapalasa, akuimba mluzu ngati mfumu.

"Mwana iwe, ukudzizunziranji?" adafuula. "Gwira uko! Basi yaulere iyi, ilibe kondakitala!"

"Ababa adandiletsa."

"Ababa akowo ali pano? Gwira, ikusiya!"

Nsonga ya chingwe idali kulendewera kumanzere, ikugwedezeka pamphuno pake penipeni. Ndaziona adaganiza za Fatsani, kuti kuseri kwa chitunda chomwechi ali pabwalo akusewera ndi dothi. Adatambasula dzanja. Adagwira.

Ha! Njinga idapepuka ngati nthenga. Mitengo idayamba kubwerera m'mbuyo. Bambo uja adamutsinzinira diso, iye adamwetulira, poti padali patapita nthawi munthu asadamusekerere. Koma chingwe chinkaterera ndi thukuta, zala zinkapweteka. Tsono adachita chomwe ankachita kumudzi pokoka mbuzi yokana kuyenda. Adachikulunga chingwecho pamkono, n'kuchikulunganso, kuti chisapulumuke.

Minibasi idafika pokhotera, idayamba kuthamanga. Idathamanga. Kutsogolo, m'mbali mwa msewu, munthu wina wa chikwama adakweza dzanja.

Gu! gu!

Bambo wa chipewa uja adamva, adasiya chingwe, adapatukira kumanja, psiti! Ndaziona nayenso adamva. Adadziwa bwinobwino tanthauzo lake. Adatambasula zala kuti asiye, koma chingwe chidali chitamuluma pamkono. Adakoka, chidamanga. Adakuwa, "Ababa!" koma mawu ake adamezedwa ndi injini.

Chilombo chidakhotera kumanzere. Sichidayatse nyali, sichidacheuke. Phula lidatha pansi pa tayala la njinga, njinga idapita pansi pa minibasi, khwaa! Ndaziona adakokedwa pamiyala, chingwe chidaduka, iye n'kugwera m'ngalande mwendo utapindikira kumene mwendo supindikira. Masuku adamwazika pamsewu, magalimoto n'kumawaponda.

Anthu adaunjikana pamwamba pa ngalande, mitu yokhayokha.

"Mwana wa yani ameneyu?"

"Kaya. Si wa kuno."

"Makolo a masiku ano, kumusiya mwana yekha pamsewu ngati uwu!"

Kondakitala adagwira m'mutu, akulumbira kuti sadamuone. Ndipo sadaname, akadamuona bwanji ali kuseri kwa matumba? Ndaziona adafunafuna ndi maso bambo wa chipewa uja, munthu yekhayo yemwe adamulankhula pachitundapo. Adali atapita kalekale. Anthu achilendo ndiwo adamunyamula, m'galimoto ya munthu wachilendo, kupita naye kuchipatala.

A Gwedeza adamupeza madzulo atazungulira tauni yonse. Adaima pafupi ndi bedi, chipewa cha njinga yamoto chili m'manja. Sadakalipe. Sadanene ndagi. Adangokhala pansi pa simenti n'kuphimba nkhope.

Mwendo udali utathyoka moipa. Adaukoka ndi zitsulo, n'kuupachika m'mwamba, ndipo adokotala adati asadzuke pabedipo mpaka fupa ligwirane. Lamulungu lija a Gwedeza adaimikadi njinga, monga adalonjezera, koma m'malo mokwera minibasi ndi mwana wawo, adakhala pa benchi ya kuchipatala.

Tsiku lomwelo mayi ake adabwera. Ndaziona atawaona pakhomo la wodi, maso adathamangira kumsana kwawo. Kumsana kudalibe kanthu.

"Amayi, Fatsani ali kuti?"

"Ali panja ndi achemwali. Alonda akana, akuti ana ang'ono salowa muno, angatenge matenda."

"Mungomulowetsa pang'ono. Ndingomuona."

"Ndapempha, mwana wanga. Ndagwada. Akana." Mayiwo adapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Ndipo ife tikunyamuka mawa. Galimoto ya katundu yapezeka msanga."

Adamusisita pamphumi, adatuluka kuti akawauze achemwali awo aja amubweretse Fatsani kuseri, pansi pa windo. Koma windo la wodiyo lidali pamwamba, ndipo bedi la Ndaziona lidali kukhoma linalo. Adamva kamawu panja, kakuti, "Ziona! Ziona!" Adayesa kudzuka, zitsulo zidamubweza. Adayesanso, ululu udamugoneka chagada. Adangoyankha ali chigonere, "Ndili muno, Fatsani! Ndili muno!" Kamawu kaja kadaitana, kadaitana, kenaka kadayamba kulira, kenaka kadapita kutali. M'wodi mudatsala kulira kwa mawilo a machira basi.

Tsono inu, mwandiyang'ana maso tuzu, mapazi anuwo ndikuwaona, ayamba kale kufika pa mapedulo. Akakuuzani kuti msewu uwu ayi, ndiye kuti ayi, ngakhale mtima ukuwawe bwanji. Pomwe pathera kanjira ka njinga, tsikani, kankhani, kapena bwererani kunyumba. Galimoto yoyenda musaigwire, chingwe chake musachikhudze, ndipo munthu wokuitanani kuti gwira, dziwani kuti mukagwa sadzaima. Nkhani yanga yathera m'ngalande momwemo, wina asakaitolemo.