Voti Imodzi ya Nankhoma

Kalekale, kunali mayiko awiri amene malire awo anali mtsinje wa Lisanje. Anthu a tsidya lino ndi a tsidya lija ankaikana maliro. Kukagwa zovuta, adzukulu ankangowoloka ndi makasu awo, popanda wowafunsa chiphaso.

Chaka cha zisankho, a Zefaniya, amuna ake a Nankhoma, anawoloka kukakumba manda atavala malaya amawangamawanga onga a asilikali, amene anawalandira pamsonkhano wa ndale. Asilikali a tsidya lija anawagwira, amvekere, "Kazitape uyu!" Nankhoma anayenda m'maofesi mpaka mapazi kutupa, koma aliyense ankangomuuza kuti abwere mawa.

Oyamba kutsegula pakamwa anali a Likhutcha, msilikali wopuma amene ankafuna mpando wa utsogoleri. Pamsonkhano uliwonse ankamuimika Nankhoma pansanja, n'kumakuwa kuti, "Boma la amantha! Ndikanakhala ine, mizinga ikanalira kale!" Dziko lonse linamva dzina la a Zefaniya. Koma tsiku lina Nankhoma atapempha kuti apumeko, a Likhutcha anangoti, "Mayi, mukamalira muziyang'ana kuli makamera."

Manyazi atawagwira, a Gwedeza, mtsogoleri wa dziko, anatumiza magalimoto a asilikali kumtsinje. A tsidya lija, amene poyamba sankayankha n'komwe makalata, anayamba kutekeseka. Komatu mantha awowo anathera pa a Zefaniya. Anawamenya kuti aulule za asilikaliwo, mpaka kuwathyola mwendo.

Kenaka Mayi Kamtedza a chipani chotsutsa anawoloka opanda ndi mpeni womwe. Anakagwada pasiwa la maliro amene a Zefaniya anakakumbira manda aja, anapepesa anamfedwa, n'kukhala masiku atatu akukambirana ndi akuluakulu a boma la uko. Anabwera nawo a Zefaniya amoyo. Nankhoma analira ndi chimwemwe, koma mtima wake sunakhazikike. Bwanji munthu anamasulidwa Lachiwiri, koma kudzafika naye Loweruka, tsiku la msonkhano wawo womaliza wokopa anthu? Nanga bwanji mawa lake a tsidya lija anakhoma zikhomo m'madimba a pachilumba cha pakati pa mtsinje, dimba la Nankhoma lomwe? Mayiwo anakalonjeza chiyani kumeneko?

"Tsono tivotera ndani, bambo a Dorika?" Nankhoma anafunsa amuna ake.

"Ine ndinali m'chitokosi, mayi a Dorika," iwo anayankha akusisita mwendo. "Amene munaona zonse ndinu."

Tsiku lovota, Nankhoma anaima yekha ndi pepala m'manja, nkhope zitatu zikumumwetulira. Popanda phokoso la a Likhutcha, amuna ake akanaiwalika. Popanda mfuti za a Gwedeza, a tsidya lija sakanamvera munthu. Popanda Mayi Kamtedza, mwina kukanabwera bokosi. Onse anamuthandiza, onse anamudyerapo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene iye ankamukhulupirira.

Inu amene mwamva nkhaniyi, cholembera chija chikanakhala m'manja mwanu, mukanachonga pankhope ya ndani?