Nsomba za a Mwetulirani

Dzina lawo lenileni linali litaiwalika kalekale. Anthu ankangoti a Mwetulirani, chifukwa zaka makumi atatu zimene anakhala akujambula anthu zithunzi, mawu awo anali omwewo: "Tamwetulirani pang'ono!" Pobisa zinthu anali katswiri. Wa chipsera ankamutembenuza tsaya, wa dazi ankamubwereka chipewa, ndipo banja loti lakanganirana pakhomo pomwepo linkatuluka pachithunzi ngati lakwatirana dzulo.

Akazi awo atamwalira, anawasiyira nyumba ya zii ndi thanki yagalasi pabalaza, momwe munkasambira nsomba zisanu ndi ziwiri, zina zofiira, zina zamizeremizere. Mwana wawo mmodzi yekhayo, namwino, ankagwira ntchito kutali, ulendo wa masiku awiri pabasi. Pofuna kuti azikhala ndi chomuuza, bambowo anayamba kumutumizira chithunzi cha nsombazo m'mawa uliwonse.

Koma nsomba si munthu woti ungamuuze kuti aime chilili. Ankayamba apukuta galasi, kenako n'kutseka makatani onse dzuwa lili phwee panja, n'kusiya kagetsi ka m'thanki kokha. Ankavala malaya akuda kuti nkhope yawo isaonekere pagalasipo, n'kugunditsa foni pathanki, n'kudikira mpaka yofiira yaikulu itatembenuka bwino. Zithunzi zake zinkatuluka zokongola zedi, ndipo mwini wake sankaonekamo ngakhale chala.

Chaka chachiwiri msana unayamba kuwavuta. Ndowa ya madzi imene ankainyamula akuimba mluzu inasanduka mwala. Madzi a m'thanki anakhala osasinthidwa, ndere zinamera pagalasi, ndipo nsomba zinayamba kuyandama chagada, lero iyi, sabata yamawa inayo. Ankazivuula mwakachetechete n'kukazikwirira kuseri kwa nyumba. Masiku ena dzuwa linkalowa asanalankhule ndi munthu, mawu okha m'nyumbamo ali a kapampu kotulutsa thovu. Kusungulumwa kunkawadya, ndipo ankadziwa. Komabe m'mawa chithunzi chinkapita ndithu. Ankangosankha pa zakale zija, poti anali nazo mazanamazana.

Tsiku lina mayi wosoka zovala wa nyumba yoyandikana nayo anabwera kudzapereka thalauza. Ataona thankiyo anagwira pakamwa.

"Bambo inu, thalauza iyi ndaibweza m'chiuno kachiwiri tsopano. Mwana akudziwa zimenezi?"

"Adziwe chiyani? Ali ndi odwala enieni kumeneko."

"Nanga inu ndinu wodwala wabodza? Mwangotsala mafupa okhaokha. Muuzeni abwere."

"Ndimuuze kuti ndikusowa wocheza naye? Ndine khanda ine? Ngati ali ndi maso aona yekha."

"Aona bwanji, poti mumamutumizira nsomba zakufa zikusambira?"

A Mwetulirani analandira thalauza yawo n'kuthokoza mwaulemu wothamangitsa mlendo. Mayiyo anatuluka akupukusa mutu.

Mwanayo sikuti analibe nazo ntchito. Ulendo woyamba anaimba foni n'kunena kuti, "Ababa, nsomba ndaziona, tsopano nditumizireniko nkhope yanu." Iwo anaseka n'kuyankha kuti wojambula sajambulidwa. Ulendo wachiwiri anafunsa ngati msana uja unasiya, iwo anati unasiya kalekale. Ulendo wachitatu anati, "Tchuthi changa chayandikira. Ndibwere?" Mumtima munkakuwa kuti bwera mwanangu, bwera ngakhale mawa. Koma pakamwa panatuluka zina: "Usadzivutitse ndi mabasi. Kuno kuli bwinobwino." Ataika foni pansi anakhala nthawi yaitali akuiyang'ana, kuyembekeza kuti mwina iliranso, mwanayo aumirire. Siinalire.

Patapita mwezi, m'thanki munatsala nsomba imodzi, kamizeremizere kakang'ono kamene kankangobisala kuseri kwa mwala. Masana a tsiku limenelo foni inalira, mawu a namwino ali odzaza chimwemwe.

"Ababa, pali nkhani imene ndakhala ndikukubisirani. Anandiitana ntchito kutsidya kwa nyanja, zaka zitatu. Miyezi inayi yonseyi ndakhala ndikuzengereza chifukwa cha inu. Koma ndikaona nsomba zija m'mawa uliwonse, madzi ali mbee, ndimati munthu wosenza ndowa sabata iliyonse ngwamphamvu ndithu. Ndiye ndinasaina. Tchuthi chija ndathera kukonza mapepala, ndikunyamuka mkuja."

Bambowo anafuna kunena kuti zikomo, wachita bwino. Koma kwa nthawi yoyamba luso lawo lobisa linawathawa.

"Mwanangu, yatsala imodzi."

"Chiyani, ababa?"

"Nsomba. Zithunzi zija n'za chaka chatha. Ndowa sindiitha. Ndili ndekha kuno, mwanangu, ndekhandekha."

Kumbali inayo anamva mwana wawo akusisima.

"Ababa, ndinakufunsani katatu. Katatu konse! Mukanangoti bwera, sindikanagwira cholembera chija. Pano ndibwerera bwanji? Ntchito yakuno ndasiya kale, nyumba ndabweza."

Mwanayo analonjeza kuti aziimba tsiku lililonse ndiponso kuti apeza munthu woti aziwathandiza, ndipo zonsezi anazichitadi. Koma tsiku la ulendo litafika ndege inanyamuka, a Mwetulirani ali pampando wawo pabalaza, akuwerengera pa zala kuti pakutha pa zaka zitatu adzakhala ndi zaka zingati, ngati adzakhalepo n'komwe.

Mwana anali ndi mtima wobwera, miyendo anali nayo, mpata anali nawo. Chimene chinasowa ndi liwu limodzi lochokera kwa mwini ululu. Paja akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.