Anavina Njala ya Mlongo Wake

Pali anthu ena, ana inu, amene akamva nyimbo safunsa n'komwe kuti woimbayo chamuwawa n'chiyani. Amangoitola, n'kumayenda nayo m'midzi akulongosolera anzawo tanthauzo lake ngati anaipeka ndi iwo. Anthu otere amandipsetsa mtima, ndipo mukamva zimene zinamugwera Namilanzi mudziwa chifukwa chake.

Namilanzi anakwatiwa ndi mnyamata wa kuseri kwa phiri, ndipo anatengedwa chitengwa, ndiye kuti anachoka kwawo kukakhala kumudzi kwa mwamuna. Poyamba zinthu zinkayenda bwino, mpaka anabereka mwana wamkazi dzina lake Mwatitha. Kenako mwamuna uja anapita ku Halale kukafuna ntchito, ndipo anangoti zii, osatumiza ngakhale moni. Apa mpamene apongozi ake aakazi, a Nagama, anaonetsa mawanga awo enieni. Analanda nkhokwe ya mwana wawo n'kunena kuti chimanga ndi cha pamtundu. Wolima anali Namilanzi, wosinja Namilanzi, wopeta Namilanzi yemweyo, koma ufa woyera unkalowa m'nyumba ya apongozi, iye n'kumapatsidwa gaga. Ndiwo zake zinali chiluwe, maluwa a maungu aja, poti maungu enieniwo sankaloledwa kuwakhudza.

Mwina mukuti, bwanji osangonyamuka n'kumapita kwawo? Kumudzi umenewo sizinkatero. Mkazi wa chitengwa akachoka yekha ankatchedwa wothawa banja, ndipo mwana ankatsala. Akatumiza uthenga woneneza apongozi, ankati ndi wamiseche woulula za m'nyumba. Njira inali imodzi yokha: mlongo wake wamwamuna, yemwe ndiye nkhoswe yake, abwere yekha, aone ndi maso, amve ndi makutu, kenako anene pamaso pa onse kuti, "Mbumba yanga ndaitenga." Akatero, mayi ndi mwana ankapita limodzi. Ndipo malo amene mkazi ankaloledwa kudandaulirapo anali pamtondo, chifukwa nyimbo ya pamtondo sinkakhala mlandu.

Choncho Namilanzi anapeka nyimbo yake, n'kumaiimba musi ukugunda:

Chiluwe, chiluwe changa,
ndakuthyola usanabale.
Dzungu likomera ena,
ine ndi mwana tigona ndi duwa.
Mwana wa mayi anga,
bwera udzaone maluwa anga.

Tsiku lina panadutsa mayi wogulitsa miphika amene ankalowera cha kwawo kwa Namilanzi. Namilanzi anamupatsa madzi akumwa, n'kumuuza motsitsa mawu kuti, "Mukawapeza achimwene anga a Kadammanja, mukawauze kuti ndapeka nyimbo, ndipo ikufuna makutu awo." Mayi uja anayang'ana manja owonda a Namilanzi, nagwedeza mutu. Iye anamva, poti naye anali mkazi.

Kuyambira pamenepo maso a Namilanzi sankachoka kunjira yotsika kuphiri. M'mawa wina anaona munthu wamwamuna akubwera, nasiya musi poganiza kuti ndi mlongo wake. Koma munthu uja atayandikira, anaona kuti sanali Kadammanja ayi. Anali Kamphulusa, mnzake wa Kadammanja, atakolekera bangwe paphewa.

Kamphulusa ameneyu anali katswiri woimba bangwe, zimenezo sindingamunamizire. Koma anali ndi nthenda yake: ankadziyesa mwini matanthauzo a nyimbo zonse za pansi pano. Pamowa, wina akangoyamba nyimbo, iye ankakweza dzanja n'kuyamba kumasulira, anthu mpaka mowa kuzizira m'zipanda. Ndipo masiku amenewo n'kuti akufunsira mtsikana wina, moti chilichonse chimene ankamva, ngakhale kulira kwa mbuzi, kwa iye chinali chikondi.

A Nagama anamulandira ngati mlendo wochokera kumwamba. Anamuyalira mphasa yatsopano, namuphera nkhuku. Atakhuta, Kamphulusa anapukuta pakamwa n'kuuza Namilanzi kuti, "Chemwali, achimwene anu apanikizika ndi fodya, mukudziwa fodya sadikira munthu. Ndiye anandiuza kuti, 'Iwe ndiwe wodziwa nyimbo, kandimverere.' Tayimbani timve."

Namilanzi anamva ngati wameza khala lamoto. Nyimbo yofuna makutu a mlongo wake, iye n'kutumiza makutu obwereka! Koma akanatani? A Nagama anali atakhala pomwepo, maso ali pa iye. Namilanzi anatenga musi, nayamba kusinja, n'kuimba nyimbo ija ndi mtima wake wonse, misozi ikugwera mumtondo. Pambali pake Mwatitha ankanyambita gaga wa m'lichero.

Nanga Kamphulusa anaziona zimenezo? Anaziona bwanji, poti anali atatsinzina! Akatswiri amati nyimbo imamveka bwino maso ali chitsinzinire. Anangokhala akugwedeza mutu, chala chikukodola nsambo za bangwe, kumwetulira kuli pakamwa. Nyimbo itatha, Namilanzi anayesa kumuthandiza.

"Achimwene, kodi mwamva chimene nyimboyi ikunena?"

"Musandiuze, chemwali, musandiuze," anatero Kamphulusa akukweza dzanja lija. "Ine nyimbo sindifunsa. Ndamva kale zonse."

Anatsanzika, nabwerera kuphiri akuimba mluzu.

Namilanzi anadikira. Anati mwina mlongo wake akamaliza kuthyola fodya abwera. Anati mwina akamaliza kusoka abwera. Njira ija inangokhala mbee. Tsitsi la Mwatitha linayamba kufiira, mimba kutupa, ndipo mwana uja anasiya kusewera ndi anzake. Namilanzi ataona zimenezo anati zivute zitani, apita yekha akamutenge mlongo wakeyo. Anabereka mwana, koma asanatuluke pabwalo a Nagama anamutsekereza.

"Ukupita kuti ndi mdzukulu wanga?"

"Kukaona achimwene, amayi. Ndibwerako."

"Miyendo ndi yako, pita. Mwana ndi wapano." Anamumasula mwana uja kumsana kwa mayi wake, Mwatitha akulira.

Namilanzi anakwera phiri yekha, nsalu yoberekera ili m'manja. Anafika kwawo dzuwa litapendeka. Ali patali ndithu anamva phokoso la chisangalalo kuchigafa cha Kadammanja, kumene ankayanikako fodya. Kunali mowa wothokoza anthu amene anamuthandiza ntchito. Atayandikira, anaima chilili. Nyimbo imene inkaimbidwa inali yake. Mawu anali omwewo, osasintha ngakhale limodzi, koma bangwe ankaithamangitsa, amayi akuomba m'manja, nthungululu zili pakamwa. Pakati pa bwalo panali mwamuna akuvina mothyola chiuno, thukuta lili kamukamu, akufuula kuti, "Tigona ndi duwa! Tigona ndi duwa!" Mwamunayo anali Kadammanja.

Namilanzi analowa m'bwalo osaodira. Amene anayamba kumuona anasiya kuomba m'manja, ena n'kutsatira, mpaka panatsala bangwe yekha, poti mwini wake anali atatsinzina monga mwa nthawi zonse. Kadammanja atatembenuka sanamuzindikire msanga mlongo wake.

"Namilanzi? Kodi wadwala? Nanga mwana ali kuti?"

"Pitirizani, achimwene," anatero Namilanzi mwaukali. "Mwalekeranji? Vinani. Imeneyo ndi njala yanga mukuvinayo. Ndi mimba yotupa ya Mwatitha mukuiombera m'manjayo."

Namilanzi anatembenukira kwa Kamphulusa.

"Inu, munadzanena chiyani kuno? Nenani pompano, onsewa amve."

Munthu wanzeru akanagwada n'kupepesa. Koma Kamphulusa anakonza kukhosi, n'kuyamba kumasulira ngati ali pamowa wa masiku onse. "Chemwali, nyimboyi ndi yozama. Duwa ndi chikondi. Mukamati mwathyola duwa lisanabale, ndiye kuti munakondana muli ana. Dzungu lokomera ena ndi chuma, chimene inu simuchilabadira. Kugona ndi duwa ndiko kugona ukulota wokondedwa wako ali kutali. Ndipo pomaliza mukuitana achimwene anu kuti tsiku lina, akapeza mpata, adzaone mtendere umene muli nawo. Ine ndi mmene ndinaimvera."

"Mmene munaimvera!" Namilanzi anakuwa. "Anakutumani kukamva za mumtima mwanu kapena za m'nyumba mwanga? Duwa limene ndinkanena ndi la mumphika, lopanda ngakhale mchere. Ndinali pamaso panu, mukanandifunsa. Mwana anali pamapazi anu, mukanatsegula maso. Munadya nkhuku ya anthu ondizunza, n'kubwera kuno kudzanena za m'maluwa!"

Kenako analoza mlongo wake. "Koma inu ndiye mwandipweteka koposa. Uyu ndi mlendo, si wa m'mimba mwa mayi anga. Ndinati mwana wa mayi anga bwera. Fodya ndiye m'bale wanu?"

Kadammanja anagwidwa ndi manyazi aakulu, analira pamaso pa anthu. M'mawa mwake anasiya fodya, nanyamuka ndi mlongo wake kupita kuseri kwa phiri kukatenga mwana. Koma madzi akatayika saoleka. Kumeneko anapeza akuluakulu a kuchimuna atakhala kale pamphasa, ndipo amalume ake a mwamuna uja anayankhula mofatsa, ngati munthu wodziwa kuti mlandu wapambana kale.

"A Kadammanja, ife tikudabwa. Munatuma munthu wanu, tinamulandira. Anamva nyimbo ndi makutu ake, ndipo wayenda nayo midzi yonse akulengeza kuti mlongo wanu akukhala mwamtendere kuno. Tamva kuti inunso mwakhala mukuivina. Mawu a mthenga ndi mawu a womutuma. Ndiye lero mukufuna kudya mawu anu omwe? Mkaziyu anachoka yekha, nkhoswe isanabwere. Ngati akupita, apite, koma mwana ndi wapano."

Kadammanja anayesa uku, anayesa uko, koma umboni womutsutsa unali wa mthenga wake yemwe. Anatembenukira kwa mlongo wake n'kunena kuti, "Tiye kwathu, ndikakusamala. Za mwana tidzaziona."

Namilanzi sanamuyang'ane. Anapita pakhonde pamene panakhala Mwatitha, namunyamula, n'kumumanga kumsana ndi nsalu ija anayenda nayo m'manja.

"Pitani, achimwene, fodya angaonongeke. Ine nditsala pamene pali mwana wanga."

Anatsaladi m'mudzi womwewo, pansi pa apongozi omwewo, chifukwa cha mwana. Kadammanja ankabwera ndi ufa pamutu kawirikawiri, ndipo ufawo ndi umene unapulumutsa Mwatitha. Namilanzi ankaulandira ndi manja awiri, n'kuthokoza monga amathokozera mlendo. Koma amayi amene ankasinja naye ankanena kuti kuyambira tsiku limenelo sanaimbenso pamtondo, kunkangomveka musi wokha.

Kamphulusa uja dzina lake linafera pomwepo. Aliyense ankangomutchula kuti Kandimverere, ndipo akakweza dzanja pamowa kuti amasulire nyimbo, anthu ankamuuza kuti akhale pansi. Mpamene panachokera mwambi uja wakuti, "Kandimverere anakanena za m'maluwa."

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Nkhani ikakhala yokukhudza, pita wekha ukaimve kwa mwini wake, chifukwa womutuma amanyamula makutu ake, osati ako, ndipo amakabwera ndi zimene zamukomera iyeyo. Nyimbo mutha kuikonda mmene mungafunire, n'kupezamo za moyo wanu, palibe wokuletsani. Koma ngati woimbayo ali moyo, ali pamaso panu, ndipo akuitana inu, tsegulani maso n'kumufunsa. Musadzavine musanadziwe ngati mnzanuyo akuseka kapena akulira.